PA GIYA: Cikho cinapita ndi ija, imwe mwagula iyi

Ndalama za fodya ndi soya zikangolowa, mafoni a anyamata a ku Chipangali amasintha nchito. Kuyambira pa Mgubudu mpaka ku Kapata kuno ku Chipata, aliyense wawerama, cala cili pa BE FORWARD kapena SBT, uku mnzake akumuonetsa kavidiyo ka Subaru yabuluu ikuuluka pa fumbi, matayala onse anai ali m'mwamba. Ndiye mumve zokamba zake: "Mudala, iyi ni ija ya rally. Ungoikako cabe sipoila na ekizozi, yasila." Wina amene thumba lake silinafike pa galimoto akuloza njinga yamoto yomata masitika mbali zonse, ati kampani yake inawina Dakar.

Funso la sabata ino ndi limenelo. Kampani ikawina mpikisano, cikho cija cikukuuzani ciani za cinthu cimene adzakupatsani mukalipira? Ine ndimati zimadalira lamulo limene galimotoyo inathamangira. Ilipo mipikisano imene lamulo limakakamiza kampani kuthamangitsa cimene imagulitsa. Iliponso ina imene cofanana pakati pa ya pa TV ndi ya m'sitolo ndi dzina ndi nyali zakutsogolo basi. Wogulitsa sangakusiyanitsireni ziwirizi, cifukwa kusiyanitsako sikumudyetsa.

Nkhaniyi imaonekera poyera kwa opanga magalimoto okopera, aja amati replica. Mu 1962 munthu wa ku America, Carroll Shelby, anatenga thupi la kagalimoto ka ku England ka AC Ace n'kuikamo injini ya Ford ya V8. Ndiyo Cobra imeneyo. Zenizeni anapanga pafupifupi 1,000 cabe, ndipo lero mtengo wa imodzi ungagule nyumba zingapo ku Kalongwezi cenji n'kutsala. Inanso ndi Ford GT40, imene inawina mpikisano wa maola 24 wa Le Mans ku France kanai motsatizana, 1966 mpaka 1969. Popeza zenizeni n'zocepa, panabuka makampani opanga zofanana nazo, ndipo ena mwa akatswiri a nchitoyi ali pafupi pompano, ku South Africa. Hi-Tech Automotive ya ku Gqeberha, mzinda uja tinkauti Port Elizabeth, imapanga ma Cobra ndi ma GT40 amene amagulitsidwa ku America pa dzina la Superformance. Amene munaonera filimu ya Ford v Ferrari ya 2019, ena mwa magalimoto aja anali amenewa. Ku Durban kuli Backdraft Racing, nayonso ya ma Cobra, ndipo dera lomwelo ndi kumene kunacokera Birkin, yokopera Lotus Seven.

Manje taonani. Wogula replica ya GT40 wagula maonekedwe a galimoto imene inawina Le Mans, koma yakeyo sinapondeko ku Le Mans. Cikho ca 1966 cili kwa eni ake. A Tony Martin, mmodzi wa amene anayambitsa Backdraft, anawinadi mpikisano wa maola 24 wa Daytona mu 1984 pamodzi ndi a Sarel van der Merwe ndi a Graham Duxbury. Ndi mbiri yeniyeni ndipo ndimawavulira cisoti. Koma anawina ndi galimoto ya March ya injini ya Porsche, osati Cobra. Cikho cimeneco cikunena kuti mwini fakitale galimoto amaidziwa. Sicikunena kuti imene atakutumizireni idzakhota bwanji pa kona.

Ndipo cacikulu ndi ici: ambiri mwa magalimoto amenewa amafika ku America alibe injini, alibe giyabokosi. Wogula amasankha yekha coikamo ndi makanika womuikira. Ma Cobra awiri otuluka fakitale imodzi tsiku limodzi angathe kukhala nyama ziwiri zosiyana, wina kalulu wina njati. Ma Backdraft amene amathamanga mipikisano yaitali ya ku South Africa ali ndi V8 ya Lexus ndi khola la zitsulo loteteza dalaivala, pamene ogula ambiri a ku America amaikamo V8 ya Ford. Ija ya mpikisano ikamaliza maola ambiri osathyoka, yatsimikiza kuti mafupa a galimotoyo ndi olimba, ndipo zimenezo n'zaphindu kwa wogula. Za injini imene iye anasankha, mpikisanowo sunanenepo kanthu.

Ilipo kampani imene pa nkhaniyi imasewera poyera. Caterham ya ku England inagula ufulu wopanga Lotus Seven mu 1973, ndipo kuyambira 1995 ili ndi mpikisano wa ongoyamba kumene wochedwa Caterham Academy. Mumagula galimoto, yololedwa kuyenda pa mseu, ndipo ndi yomweyo imene mumalowa nayo mumpikisano. Onse injini imodzimodzi yomatidwa cidindo kuti wina asaigwiregwire, matayala amodzimodzi. Pamenepo nthawi imene galimoto yathamanga ndi nthawi ya galimoto imene mungagule, ndipo mukatsalira kumbuyo vuto ndi phazi lanu.

Mwina mukuti za Cobra zikutikhudza ciani ife a ku Mchini ndi Navutika. Zikutikhudza cifukwa replica timapanga tokha, pansi pa mtengo wa mango, ndi sipoila ya ku Lusaka ndi baji yomata ndi guluu.

Ife a Zambia pa rally sitili alendo. A Satwant Singh anakhala katswiri wa Africa yonse ka 8 pakati pa 1988 ndi 2000, ndipo mpaka lero palibe wafikapo. A Muna Singh anatenga 2004 ndi 2005, a Mohamed Essa 2012, a Jassy Singh 2013, atatu onsewa pa Subaru Impreza. Kunja nako Colin McRae anatenga cikho ca dziko lonse mu 1995, Richard Burns mu 2001, Petter Solberg mu 2003, onse pa Impreza. Ndiye cikondi ca Subaru sicinagwe kumwamba, cili ndi pocokera.

Ndipo m'masiku amenewo cikondico cinali ndi maziko. Bungwe loyang'anira mipikisano ya magalimoto, FIA, linali ndi lamulo lakuti galimoto ya gulu la Group A isanaloledwe kuthamanga, kampani iyambe yapanga zogulitsa 5,000 m'miyezi 12. Kuyambira 1993 ciwerengeroco cinatsika kufika pa 2,500. Ukafuna turbo ndi kukoka ndi matayala onse anai pa rally, unayenera kuzigulitsanso kwa anthu wamba. Ndico cifukwa cake kunabadwa Impreza WRX, Mitsubishi Lancer Evolution ndi Toyota Celica GT-Four. Si kuti makampani anatikonda, lamulo ndi limene linawagwira pakhosi.

Pansi pa Group A panali Group N, gulu limene linadzaza rally za mu Africa zaka zambiri. Kumeneko lamulo linali lothina kwambiri. Munkatenga WRX STI kapena Evolution ya m'sitolo, kucotsa mipando ndi makapeti, kuwocerera khola la zitsulo, kusintha mashoko, kuika cisale ca citsulo pansi pa injini kuti miyala isaboole, kukonzako kompyuta ya injini. Zina zambiri zinkatsala mmene zinacokera ku fakitale. Pakamwa pa turbo ankaikaponso kamphete kocepetsa mpweya, moti pa mphamvu ya pamwamba galimoto ya rally sinali kutali ndi ya m'sitolo. Group N ikawina, wogula STI anali ndi ufulu wonyada.

Wogula STI, ndanena. Osati wogula Impreza iliyonse. Apa ndi pamene anyamata athu amagwera m'mbuna. Impreza zambiri zochipa zimene mumaona pa foni ndi za injini ya 1.5 kapena 1.6, zopanda turbo, ndipo zambiri zimakoka ndi matayala akutsogolo okha ngati Corolla. Ku Japan ndi galimoto yopitira ku msika. Thupi n'lofananako, nyenyezi za pa baji n'zomwezo, koma cimene cinawina rally mulibemo.

Msuweni wanga wa kwa Chanje anandiitana caka catha kuti ndikaone imene anali atalipirako kale theka pa yadi ina ya magalimoto ku Lusaka. Yabuluu, marimu agolide, baji ya STI kumbuyo, kamphuno pa boneti. Wogulitsa, mnyamata wa tayi masana dzuwa lili phwee, ati "Ba boss, iyi ni original, ma Japanese sanama." Ma Japanese sananamedi, cifukwa anali atalemba zoona pa kambale ka nambala ya chasisi: GH2. Titatsegula boneti, kamphuno kaja kanali komata pamwamba, pansi pake citsulo cosabooka. Pa STI yeniyeni kamphunoko kamapereka mphepo ku intercooler imene imakhala pamwamba pa injini. Pano panali injini ya 1.5 itakhala phee ngati mwana wolangidwa. Tinasuzumira pansi kumbuyo, difu palibe. Theka lija linabwerako patapita miyezi iwiri, litadyedwako. Akulu anati cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Sungani zilembo izi, n'zaulere. Pa Impreza ya thupi limene linayamba mu 2007, GH2 ndi ya 1.5 yokoka kutsogolo, GH3 ndi ya 1.5 yokoka konse, pamene WRX STI ndi GRB. Pa thupi lakale la 2000 mpaka 2007, STI ndi GDB. Okonda Altezza nanunso: GXE10 ndi AS200 ya injini ya 1G-FE, ya horsepower 160, pamene SXE10 ndi RS200 ya injini ya 3S-GE, imene pa giya ya manja imafika 210. Baji imagulidwa pa sitolo ya masipeya. Nambala ya chasisi ili pa galimoto ndi pa mapepala, ndipo ziwirizi ziyenera kugwirizana.

Masiku ano mpata pakati pa ya mpikisano ndi ya m'sitolo unakula. A Leroy Gomes ndi akazi awo a Urshlla, amene amawawerengera njira, anabweretsa cikho ca Africa kuno kwathu mu 2022 pa Ford Fiesta ya gulu la R5. Tinasangalala tonse. Koma Fiesta imeneyo imapangidwa ndi kampani ya M-Sport ku England. Amayambira pa cigoba ca Fiesta wamba, zoona, kenaka amaikamo injini ya 1.6 turbo ya horsepower pafupifupi 290, giya yongokankha kutsogolo ndi kumbuyo, ndi zokokera matayala onse anai. Yatsopano ya gulu limeneli mtengo wake umapitirira ma euro 200,000, kunena kwake mamiliyoni a makwacha. Fiesta ya m'sitolo inkakoka kutsogolo kokha, ndipo Ford inaleka kuipanga mu July 2023. Cikho cili m'kabati, galimoto ya dzina lake m'sitolo mulibe.

Nanga Vitz, imene yadzaza m'tauni muno ngati taxi? Vitz linali dzina la ku Japan la Yaris, ndipo Yaris ndi imene Toyota inabwerera nayo pa rally ya dziko lonse mu 2017. Ija inkamangidwa ku Finland, ya horsepower pafupifupi 380. Yathu ya 1.0, ya masilinda atatu, ili pa 70. Kuyambira 2022 magalimoto a gulu lapamwamba, Rally1, sayambiranso pa cigoba ca galimoto wamba. Amawocerera mafupa a mapaipi n'kuvekapo cikopa cofanana ndi ya m'sitolo. Toyota itatenga malo anai oyamba pa Safari Rally ku Kenya mu 2022, n'kubwerezanso mu 2023, zinali zokoma kuonera, koma sizinanene kalikonse za ka Vitz kamene kamakwera phiri la Kanjala ndi anthu asanu ndi thumba la makala. Yoyandikirako ndi GR Yaris imene inatuluka mu 2020, ya turbo, yokoka konse, ndipo mtengo wake ndi wa dziko lina.

Tisaiwalenso kuti ngakhale lamulo lilipo, pa mpikisano anthu amaba. Mu 1995 gulu la Toyota linagwidwa pa rally ya Catalunya ku Spain litakonza kamphete ka turbo ka Celica mwaukathyali, kuti kakamangidwa pa galimoto mpweya uzidutsa m'mbali, koma oyeza akakamasula kazioneka kabwinobwino. Anawalanda mapointi a caka conse n'kuwaletsa kuthamanga caka cimodzi. Amene anagula Celica cifukwa ca liwiro la caka cimeneco anagula liwiro limene silinali m'sitolo iliyonse.

Kwa alimi amene fodya wawayendera bwino, loto si Subaru koma Hilux, ndipo nayo ili ndi nthano yake ya Dakar. Nasser Al-Attiyah wa ku Qatar anawina Dakar pa Hilux mu 2019, 2022 ndi 2023, ndipo Yazeed Al-Rajhi wa ku Saudi Arabia anawinanso nayo mu 2025. Dakar yakeyo inacoka mu Africa kalekale: womaliza kuno unali wa 2007, ndipo kuyambira 2020 imacitikira ku Saudi Arabia. Hilux ya a Al-Attiyah inamangidwa ku South Africa ndi gulu la a Glyn Hall. Mafupa ake ndi mapaipi owocerera, thupi ndi cikopa copepuka congovala. Ya 2019 inali ndi V8 ya petulo ya malita 5. Ya 2022 inali ndi V6 ya petulo ya 3.5 ya ma turbo awiri yocokera mu Land Cruiser 300, matayala a mainchesi 37, ndipo tayala lililonse limatha kukwera ndi kutsika palokha mamilimita 350. Kumbuyo kwake simunganyamulire ngakhale belo limodzi la fodya.

Hilux imene mungagule ndi ya dizilo ya masilinda anai, 2.4 kapena 2.8, yokhala pa chasisi conga makwerero, kumbuyo masipulingi a zitsulo zosanjikiza. Ngakhale ija yolembedwa GR Sport, ya mashoko ena ndi mphamvu yoonjezerako pang'ono, idakali dizilo ya masilinda anai. Kodi ndiye kuti Hilux ndi yacabe? Iyai. Ndi galimoto yolimba zedi. Koma umboni wa kulimba kwake suli ku cipululu ca Saudi Arabia. Uli pa ma Hilux akalekale amene mpaka lero akutuluka m'midzi ya kwa Mnukwa ndi kwa Chinunda atasenza matumba a nshawa mpaka kupitirira denga, mseu utadyedwa ndi mvula. Amenewo akuthamanga mpikisano wa gulu lathu, pa mseu wathu, ndi mafuta athu.

Tibwere pa njinga zamoto, cifukwa kumeneko ndi kumene ndalama zambiri za anyamata a ku Chipangali zikupita. Kuno njinga yamoto iliyonse timati honda, olo ikhale Bajaj, TVS kapena ya ku China. Honda yeniyeni inawinadi Dakar mu 2020, 2021 ndi 2024. KTM ya ku Austria inawina ka 18 motsatizana kuyambira 2001 mpaka 2019, ndipo Bajaj, eni ake a Boxer, ali ndi gawo lalikulu mu KTM, moti ma KTM ang'onoang'ono amapangidwira ku fakitale ya Bajaj ku India. Hero, inanso ya ku India, inafika pa nambala 2 pa Dakar ya 2024 ndi Ross Branch wa ku Botswana, neba wathu, amene caka comweco anatenganso cikho ca dziko lonse ca mipikisano ya mtunduwu. Zonsezi n'zoona, ndipo wogulitsa akazichula sakunama.

Cimene sachula n'cakuti njinga za Dakar ndi za 450cc, zozizira ndi madzi, zonyamula petulo wopitirira malita 30 m'matanki angapo, mashoko ake aatali ngati mkono. Boxer 150 ndi ya 145cc, yozizira ndi mphepo, ya horsepower pafupifupi 12. Ubale wake ndi wa dzina la agogo. Coseketsa n'cakuti KTM imagulitsadi njinga yochedwa 450 Rally Replica, ndipo pamenepo liwu lakuti replica likunena zoona: ndi njinga ya mpikisano imene munthu wamba angagule n'kulowa nayo Dakar. Amapanga zocepa pa caka, ndipo mtengo wa imodzi ungagule gulu lonse la ma Boxer oimikidwa pa siteshoni ya Kapata.

Koma mnyamata wofuna kunyamula anthu kucoka pa Mgubudu kulowa m'midzi safuna 450cc. Afuna njinga imene lita imodzi imapita nayo kutali, imene cheni, sipuloketi ndi mabuleki ake zimapezeka ku Down Shops tsiku lomwelo, imene makanika wa pa mphambano amaidziwa m'kati. Mayankho a zimenezo ali ndi anyamata amene akhala pa cishalo zaka ziwiri zitatu. Afunseni kuti injini anaitsegula itayenda makilomita angati, felemu inang'aluka pati, ndi iti imene imadya mapulagi. Mugulireni drinki mmodzi, adzakuuzani zimene kabuku ka kampani sikanganene. Sitika yolembedwa Racing pa thanki sionjezera ngakhale theka la horsepower. Kuboola ekizozi nako kumaonjezera phokoso ndi adani m'komboni, osati liwiro.

Palinso cimene kavidiyo ka masekondi 30 kamabisa. Galimoto ya rally imathamanga makilomita ocepa n'kulowa m'hema mmene gulu la amakanika likuidikira ndi lole ya masipeya. Giyabokosi yonse amatha kuisintha m'mphindi zosakwana 30. Matayala ndi atsopano kangapo pa tsiku. Injini ikakwanitsa makilomita ake amaiphwasula yonse ngakhale isanadandaule. Kulimba kwa galimoto ya mpikisano ndi kulimba kwa masiku atatu kapena masabata awiri, ndi ndalama zotayira. Imwe mufuna ya zaka zisanu, oilo wosintha mukakumbuka, ndi makanika mmodzi amene spana ya 12 anabwereka kwa mnzake.

Ndipo cimene cimandipweteka mutu n'cakuti tikamakopera, timakopera cozondoka. Galimoto ya rally ya pa fumbi amaikweza m'mwamba, amaiveka marimu aang'ono a mainchesi 15 ndi matayala a mnofu wokhuthala kuti amenye miyala osaphulika, pansi n'kuika cisale cija. Marimu a 18 ndi matayala opyapyala ndi a rally ya pa tara yosalala ya ku Europe. Ife, amene tara yathu imathera pa mseu wa ku Lundazi, timadula masipulingi kuti galimoto igwade, timagula marimu aakulu ndi tayala lopyapyala ngati lamba, n'kumata bampala yofika pansi. Ulendo umodzi wopita ku maliro kumudzi, bampala yatsala pa kamlatho, rimu yapindika, sampu ikudontha. Mukafunadi kufanana ndi a Singh, yambani ndi mashoko abwino ndi cisale ca pansi pa injini. Sizioneka pa cithunzi ca pa Facebook, ndiye palibe amazifuna.

Cina cimene sitikopera ndi cimene cimasunga moyo. Dalaivala wa rally akagubuduzika katatu n'kutuluka akuseka, si mankhwala. Ali m'khola la zitsulo, wamangidwa malamba a m'mapewa, m'ciuno ndi pakati pa miyendo, mutu uli m'cipewa colimba comangirira ku kothandizira khosi, wavala zosagwira moto. Mseu watsekedwa, kulibe ngolo ya ng'ombe, kulibe mwana wa sukulu, kulibe lole ya thonje yobwera kutsogolo, ndipo ambulansi ili pafupi. Mnzake wa pambali akumuuza kona iliyonse isanafike. Mnyamata wathu wa Impreza ya 1.5 watenga liwiro lokha pa zonsezi, pa mseu wa ku Lundazi madzulo a tsiku la msika, anzake anai kumbuyo opanda lamba. Wa njinga naye cipewa capacikidwa pa handulo, wanyamula mai ndi mwana ndi thumba la feteleza. Ku Chipata Central Hospital kulibe gulu la amakanika osintha msana m'mphindi 30.

Sindikuti mipikisano ilibe phindu kwa wogula. Kampani imene yakhala pa rally zaka zambiri imaphunzira za fumbi, kutentha ndi mabampu, ndipo zina mwa zimenezo zimatsikira ku galimoto wamba pang'onopang'ono. Koma wina akakuonetsani cikho pofuna kuti mutulutse ndalama za dzinja lonse, mufunseni kuti cinawinidwa pa gulu liti, injini yake inali iti, ndipo zilembo za chasisi za ija ndi za iyi zikufanana kapena ai. Akayamba kukamba za mtundu wa penti, mwamva kale.

Kwa amene mwaumirira kuti STI yeniyeni muigula, konzekani. GRB ya ku Japan anaipangira petulo wa octane yapamwamba, pamene pa filling station za kuno simusankha, petulo ndi umodzi. Imafuna oilo wabwino pa nthawi yake, matayala anai ofanana kukula ndi kutha kwake kuti difu yapakati isavutike, ndi makanika amene anaonapo injini yogona cammbali, cifukwa pa Subaru ngakhale kusintha mapulagi ndi nchito ya m'mawa wonse. Zambiri zimene zimafika kuno zadutsa kale m'manja mwa anyamata a ku Japan amene nawonso ankaonera mavidiyo omwewo, ndiye funsani pepala la ku okushoni ndipo muyang'ane ngati kompyuta ya injini sinagwiridwe. Ikafika pa Mwami kapena pa Nakonde, a ZRA adzafuna zawo, a RTSA zawo, a inshuwalansi zawo. Zonsezi zikatha mukadali ndi ya petulo, ndiitaneni. Ndidzakhala kutsogolo, lamba nditamanga.